Thanki yosadzaza ndiyo imaitana dzimbiri

A mtolankhani, pamene mwati munthu akamaimika galimoto kwa miyezi ingapo asiye mafuta ochepa m'thanki kuti "asawonongeke ambiri", pamenepo ndakana. Ethanol amene amasakanizidwa mu petulo amakoka chinyezi. Thanki ikakhala theka, mpweya wotsalawo umatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo umasiya madontho a madzi m'kati. Pa petulo wa E10, wokhala ndi ethanol 10 peresenti, madzi akafika pafupifupi 0.5 peresenti, ethanol amalekana ndi petulo n'kutsikira pansi limodzi ndi madziwo. Pansi pomwepo ndi pamene pampu imayamwa. Ndiye tsiku loliza injini, zoyamba kufika ku ma injector, tizipangizo topopera mafuta mu injini, ndi zimenezi.

Dzimbiri la mu injector silifuna kuchuluka ayi. Timabowo take n'tating'ono kwambiri, kadzimbiri pang'ono pa kasingano ka m'kati basi, injini yayamba kunjenjemera, mwina silinda imodzi yagona.

Ine yanga ndimaidzaza, ndimathira stabilizer, mankhwala oteteza petulo kuti asawonongeke, kenako ndimaiyendetsa pang'ono kuti mankhwalawo afike mpaka ku ma injector, osangothera m'thanki. Izi simunazitchule n'komwe.

Ndipo inu anzanga amene mumaliza injini mphindi zisanu sabata iliyonse poganiza kuti mukuithandiza, siyani. Siitentha mokwanira, mukungowonjezera madzi mu oyilo ndi mu ekizozi. Mukailiza, iyendetseni ndithu mpaka itenthe.

Galimoto za flex-fuel, zimene zinapangidwira E85, mafuta okhala ndi ethanol wofika 85 peresenti, zimapirira. Zakale za thanki yachitsulo yopumira kunja ndizo zimavutika kwambiri.