Amene mukuti Battiato ankangoseweretsa penti, munagwirapo golide inu?

Zandikwana ndithu. Wina waika pa intaneti chithunzi cha chojambula cha Franco Battiato, woyimba wa ku Italy, nkhope ya munthu yozunguliridwa ndi golide, ndiye pansi pake achimwene ena ooneka ophunzira alemba kuti oyimba azingoyimba, apa mkuluyu anangopaka penti wachikasu kumbuyo n'kuika kamunthu pakati. Atsekera ndi mwambi, akuti mapanga awiri avumbwitsa. Anthu n'kumawaombera m'manja.

Penti wachikasu! Achimwene, ameneuja si penti. Ndi golide. Ndipo munthu sapita pa thabwa la golide kukataya nthawi Loweruka masana chifukwa choti watchuka ndipo wasowa chochita. Imeneyo ndi ntchito. Kaya ndi nsanje kaya ndi ulesi wofufuza umene umakulankhulitsani chonchi, izo n'zanu.

Battiato anabadwa mu 1945 pa chilumba cha Sicily, ndipo anamwalira pa 18 May 2021 ku Milo, m'mphepete mwa phiri la Etna. Chimbale chake cha 1981, La voce del padrone, ndicho chinali choyamba cha woyimba wa ku Italy kugulidwa kupitirira 1 miliyoni m'dzikomo. Mu 1984 anaimira Italy ku mpikisano wa nyimbo wa Eurovision limodzi ndi woyimba mnzake Alice n'kukhala pa nambala 5. Burashi anaigwira cha m'ma 1990, ali ndi zaka pafupifupi 45, dzina ali nalo kale, ndalama ali nazo kale. Iye mwini ankanena poyera kuti poyamba sankatha kujambula ngakhale pang'ono, analowamo modziyesa. Munthu wamkulu, dziko lonse likumuimbira m'manja, n'kukakhala pansi ngati mwana wa sitandade 1 kuphunzira kulemba mphuno. Inu mukuti masewera?

Tiyeni ndikuuzeni zimene thabwa limadutsamo lisanawale chonchija, monga amisiri a ku Italy akhala akuchitira kuyambira nthawi ya Giotto ndi Duccio, akatswiri ojambula a cha m'ma 1300. Thabwa lake kawirikawiri ndi la mtengo wa poplar, louma bwino. Mumayamba ndi guluu wa chikopa cha kalulu: magalamu 10 m'madzi okwana mamililita 100, n'kumusiya usiku wonse kuti afufume. M'mawa mumamutenthetsa poika kachitini kake m'poto wa madzi otentha, osati pamoto mwachindunji, ndipo asapitirire madigiri 60. Akangowira basi, mphamvu yatha, katayeni. Mumapaka thabwa guluuyo, n'kumata nsalu yopyapyala pamwamba kuti thabwa likadzayamba kupuma ndi nyengo lisang'ambe zonse zili pamwamba pake.

Kenako gesso. Ndi ufa woyera ngati choko umene mumasefera pang'onopang'ono m'guluu wofunda mpaka ufawo uleke kumira. Apa ndi pamene anthu aphuma amagwera. Mukatakasa mwamphamvu ngati mukuphika phala, mumalowetsa mpweya, ndipo thovu lililonse limadzasanduka kabowo ngati ka singano kamene golide sangabise. Mumapaka kasanu ndi katatu kapena kuposa, ulendo uno chopingasa, ulendo winawo chotsika, ndipo simupaka wina woyambayo asanachite mbuu. Guluu akachuluka, gesso amang'ambika ngati dambo la mu Okutobala. Akachepa, amafumbutuka mukamukhudza. Zikauma mumapala ndi kukwecha ndi sandipepa wosalala mpaka thabwa limveke ngati mbale yadothi ya m'sitolo. Mizere ya chithunzi mumailemba pomwepo ndi nsonga ya singano, chifukwa pensulo idzakwiririka.

Tikadali kutali ndi golide, achimwene. Khalani pansi.

Pamabwera dongo lofiira losalala kwambiri, Ataliyana amati bolo, losakaniza ndi guluu wochepa mphamvu. Katatu kapena kanayi, mopyapyala, kenako kulipukuta mpaka lichite ngati likufuna kunyezimira. Dongoli lili ndi ntchito ziwiri. Limakhala ngati katsamiro kofewa kuti golide adzathe kukwechedwa osang'ambika, komanso kufiira kwake kumadutsa m'golide n'kumupatsa kutentha kuja mumakuona m'matchalitchi akale. Popanda dongo golide amaoneka wozizira, wakufa.

Golide weniweniyo amabwera m'timabuku ta timapepala 25, kalikonse masentimita 8 mbali zonse. Kupyapyala kwake, mukasanjikiza timapepala pafupifupi 10,000 ndiye mwakwanitsa milimita imodzi. Simungakagwire ndi chala, kamasungunukira pakhungu. Mukapuma mwamphamvu kauluka. Wina akatsegula chitseko, ndalama zanu zili m'malere. Mumakagoneka pa katsamiro kachikopa, kukadula ndi mpeni wopanda mafuta ngakhale dontho, n'kukanyamula ndi burashi yafulati ya ubweya wa gologolo imene mwayamba mwaipukutira patsaya kuti itengeko timafuta ta pakhungu. Pamene mukufuna kuika mumanyowetsa ndi madzi othira sipiriti pang'ono. Mukayandikitsa, kapepalako kamadumphira kokha pamadzipo. Madzi akakwera pamwamba pa golide, banga limenelo ndi la muyaya. Kuti mukute thabwa lonse la masentimita 40 kwa 50, masamu okha akupatsani timapepala 32, koma poti timayenera kukwerana m'mphepete ndipo tina timang'ambika, konzani timabuku tiwiri.

Chomaliza ndi kukwecha ndi mwala wa agate wopindika ngati dzino la galu. Nthawi yake simuiona pa wotchi, mumaimva ndi khutu. Mumagogoda pang'ono ndi mwalawo. Likamveka logonthera ndiye kuti pansi pakadali chinyezi, mukakwecha mung'amba. Likalira kuti ke ke ke, yambani. Mukachedwa kwambiri, makamaka nyengo yotentha, dongo limauma gwa ndipo golide sawalanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Penti wachikasu ameneyo.

Tsono thabwa lotere likakhala patsogolo panu, muikepo nkhope ya munthu. Pa nsalu wamba mukalakwitsa mumapaka pamwamba n'kuyambiranso, palibe adziwe. M'mphepete mwa golide mulibe chifundo chotere. Burashi ikaterereka, mukati mupukute, mumakanda golide ndipo dongo lofiira limasuzumira ngati bala. Battiato ankagwiritsa ntchito penti wamafuta, dothi lamitundu ndi ufa wa utoto wosasakaniza ndi kanthu. Ufa wotere mumaupera nokha ndi mafuta a linseed pa galasi lochindikala, dontho ndi dontho, ndipo mtundu uliwonse umamwa mafuta mosiyana ndi unzake. Dothi lodera la umber limauma tsiku limodzi kapena awiri, pamene wakuda amatha kukudikiritsani sabata. Mukaika penti wouma msanga pamwamba pa wamafuta ambiri amene sanaume, pakapita miyezi chithunzi chonse chimachita ming'alu. Lamulo lake n'lakuti wamafuta ochepa pansi, wamafuta ambiri pamwamba. Woseweretsa penti sadziwa zimenezi, ndipo safuna n'kuzidziwa komwe.

Nanga dzina? Apa ndiye pamandipsetsa mtima kwambiri. Munthu wofuna kudyera kutchuka amalemba dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu pakona kuti ogula alione asanaone chithunzi. Battiato zojambula zake ankasaina kuti Süphan Barzani. Dzina logulitsa zimbale miliyoni analisiya pakhomo ngati nsapato, n'kulowa ndi dzina limene palibe ankalidziwa. Ndi wakuba wanji amene amabisa kiyi wa nyumba imene akufuna kuba? Kuyambira mu 1993 zojambulazo zinayamba kuonetsedwa poyera, n'kukafika ku Roma, Firenze, Stockholm, Göteborg mpaka Miami. Zonse pamodzi zilipo pafupifupi 80. Pa zaka zonsezo, 80 basi. Wothamangira ndalama akanatulutsa 80 chaka chimodzi, anyamata akumupakira kuseri iye n'kumangosaina.

Ndipo golideyo sanamutole m'magazini. Mwana wa ku Sicily amakula ndi makoma a matchalitchi a Monreale ndi Cappella Palatina ku Palermo, odzaza timiyala tagolide kuyambira zaka za m'ma 1100, kumene luso la Agiriki a ku Byzantium, la Aluya ndi la mafumu a Chinorman linakumana pa denga limodzi. Anthu amene ankawajambula, ovina a Chisufi ozungulira ndi mikanjo yawo, anthu opemphera, nkhope za anzake, ndi omwewonso amene amayenda m'nyimbo zake. Chikuto cha chimbale cha Fleurs cha 1999 ndi dzanja lake. Ndiye mapanga awiri ake ati? Phanga ndi limodzi, makomo ndiwo awiri. Ife tomwe m'Chichewa timati kujambula nyimbo, kujambula chithunzi, kujambula filimu, mawu amodzi omwewo, ndiye tizidabwa kuti munthu mmodzi wachita zonse zitatu? Pajatu filimu anajambulanso, yoyamba mu 2003, ndipo inamupatsa mphoto ya Nastro d'argento ngati wotsogolera filimu watsopano.

Mukanamvera nyimbo zake zakale simukanalemba zimene mwalembazo. Zaka za m'ma 1970 mkuluyu ankalimbana ndi kamakina kamagetsi koimbira nyimbo ka VCS3, kutulutsa phokoso limene wailesi sinkalifuna. Mu 1978 anatulutsa chimbale cha piyano yokhayokha, m'mene kachidutswa kamodzi kamabwerezedwa kwa mphindi zoposa 10, kusiyana kwake kuli pa mmene mawu akuzimiririka. Chinapata mphoto ya Stockhausen, koma m'sitolo sichinayende. Munthu wopirira chonchi, woti angathe kudikira kuti liwu limodzi la piyano lizime lokha, ndi yemweyo angadikire gesso kuti aume kasanu ndi katatu. Opera yake yoyamba, sewero lochita kuimba, inaonetsedwa ku Parma mu 1987, ina ku Roma mu 1992, chaka chomwecho anakaimba ku Baghdad ndi gulu la zoimbira la dziko la Iraq nkhondo ya ku Gulf ya 1991 itatha. Palibe chimene munthuyu anachigwira ndi nsonga za zala.

Sindikuti muzikonde zojambulazo ayi. Nenani kuti manja a anthu ake ndi ouma, nenani kuti nkhope zina zaima ngati za pa chitupa, tikambirana bwinobwino, mwina penapake ndikuvomerani. Kumeneko ndi kuweruza ntchito. Koma kunena kuti si ntchito, kuti ndi chibwana cha munthu wolemera, pamene simukusiyanitsa golide ndi penti wa pa geti, kumeneko ndi kulalata chabe.

Ndipo inu oika zithunzi, nanunso muli ndi mlandu. Golide wokwechedwa ndi galasi, amabweza chimene chili patsogolo pake. Mukamujambula ndi foni mutaima kutsogolo kwenikweni, kuwala kwa foni kuli koyatsa, pakati pamatuluka chibanga choyera ndipo m'mbali monse mumada bii. Mukazimitsa n'kujambula m'chipinda cha mababu oyera aja, amatuluka wachikasu chofwifwa ngati chikasu cha m'mpunga. Imani chammbali pang'ono, kuwala kuchokere pa windo la kumbali, patsogolo pa chithunzi pakhale khoma loyera kapena nsalu yoyera yoti golideyo abweze. Kuli bwinonso mujambule kavidiyo ka masekondi 5 mukusuntha, anthu aone kuwala kukuyenda. Koma ayi, mumatenga chithunzi cha chithunzi cha chithunzi, chodutsa pa WhatsApp kasanu mpaka chatha mtundu, chodulidwa mutu, chopanda dzina la wojambula, chopanda chaka, chopanda kukula kwake, pamwamba mwamatapo timitima tofiira.