Bwanji voti ya munthu imathera pa geti la kampani?

Pa ndale ambirife tinagwirizana kale kuti wolemera ndi wosauka aliyense ali ndi voti imodzi. Koma munthu yemweyo akangolowa pa geti la kampani, kumene amathera mbali yaikulu ya moyo wake, mawu ake amatha mphamvu. M'katimo amavota ndi masheya. Amene anaika mpamba wambiri ndiye amasankha zoti apange, malipiro, ngakhale kutseka fakitale, ndipo mwina sanapondeko n'komwe. Apa ndi pamene dongosolo la capitalism, limene makampani amakhala m'manja mwa eni mpamba, limandipweteka mtima. Phindu ndilibe nalo mlandu, malonda opanda phindu amagwa kaya ndi a ndani.

Karl Marx, woganiza wa ku Germany amene ankatsutsa capitalism, anaona kuti wantchito wotere amasanduka mlendo kwa chinthu chimene manja ake apanga. Matendawo anawaona bwino. Koma kumene boma linalanda mafakitale onse m'dzina lake, wantchito anangosintha bwana, mawu sanapatsidwebe.

N'chifukwa chake mtima wanga uli pa makopaletivu. Mu 1844, anthu 28 a ku Rochdale ku England, ambiri mwa iwo owomba nsalu, anatopa ndi zakudya zosakaniza ndi zinyalala komanso masikelo obera. Anasonkherana pang'onopang'ono n'kutsegula kasitolo kawo. Katundu anali wochepa kwambiri, koma malamulo amene anakhazikitsa akugwirabe ntchito: membala aliyense voti imodzi, kaya waika zingati, ndipo zotsala zigawidwe molingana ndi mmene munthu wagulira m'sitolomo.

Wina anena kuti zimenezo n'za timagulu ting'onoting'ono. Aone Mondragon, m'chigawo cha Basque ku Spain. Inayamba mu 1956 ndi anyamata asanu amene anaphunzira pa sukulu ya ntchito zamanja yoyambitsidwa ndi wansembe José María Arizmendiarrieta. Lero ndi gulu la makopaletivu lokhala ndi antchito zikwi makumi angapo, lili ndi banki, yunivesite ndi mafakitale. Mamembala ndiwo amasankha atsogoleri, ndipo malipiro a bwana wamkulu ali ndi malire poyerekeza ndi a wolandira zochepa. Pamene kopaletivu yawo yopanga mafiriji ndi makina ochapira, Fagor, inagwa mu 2013, mamembala ambiri anasamutsidwira ku makopaletivu anzake. Kampani ya masheya ikanangowapatsa makalata owachotsa ntchito.

Komabe antchito a m'mafakitale a Fagor a kunja kwa Spain sanali mamembala, choncho chitetezocho sichinawakhudze. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa zikusonyeza kuti kopaletivu nayonso ikhoza kukhala bwana wamba kwa amene ili kuwalemba ganyu.

Palinso chenjezo la Robert Michels, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, amene mu 1911 anaonetsa kuti bungwe lililonse likakula, ngakhale lolalikira demokalase, limathera m'manja mwa anthu ochepa. Iwo ndiwo amasunga mabuku, amadziwa malamulo, amaitanitsa misonkhano. Mamembala amatopa, amasiya kubwera ku msonkhano waukulu wa pachaka, wapampando amakhala pampando mpaka kalekale. Makopaletivu ambiri amafa imfa imeneyi chikwangwani chidakali pakhoma.

Ena amafa chifukwa chokakamizidwa. Ujamaa, ndondomeko ya Pulezidenti Julius Nyerere ku Tanzania yoti anthu azikhala ndi kulima limodzi m'midzi, unayamba mu 1967 ndi cholinga chabwino, koma pakati pa 1973 ndi 1976 anthu mamiliyoni anasamutsidwira m'midzi yatsopano, ambiri mokakamizidwa, ndipo mu 1976 boma linathetsa mabungwe aakulu a makopaletivu amene alimi anali nawo kale. Mgwirizano wobwera ndi lamulo lochokera kumwamba anthu sautenga ngati wawo.

Amene amandilimbitsa mtima kwambiri ndi Elinor Ostrom, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel ya zachuma, mu 2009. Akatswiri ambiri ankati chinthu cha anthu onse pamodzi chimawonongeka basi, pokhapokha chigulitsidwe kapena boma lichitenge. Iye anafufuza msipu wa m'mudzi wa Törbel ku Switzerland, ngalande zothirira ku Valencia ndi ku Nepal, n'kupeza anthu amene asamalira zinthu zawo limodzi kwa mibadwomibadwo. Kumene zinkayenda, eniake ndiwo ankapanga malamulo, ankayang'anirana okha, ndipo chilango cha wolakwa chinkayamba chochepa n'kumakula akabwereza.

Ndiye ine sindikudikira tsiku limene capitalism idzagwe. Ndikufuna malamulo a mayiko apatse antchito mwayi woyamba wogula kampani mwini wake akafuna kuigulitsa kapena kuitseka, mabanki asiye kuona kopaletivu ngati yosayenera ngongole, ndipo makopaletivu enieniwo aike malire a zaka za wapampando ndi kutsegula mabuku a ndalama kwa membala aliyense amene wafunsa.