Mwasintha zonse, ndiye mukunyoza chakudya cha eni ake?

Lero ndiyankhula, chifukwa zandikwana. Mayi wina amene timapemphera limodzi anandipempha kuti ndiwalembere kaphikidwe ka biriyani, mpunga wa amwenye wophikidwa ndi nyama ndi zonunkhiritsa. Ndinakhala pansi n'kulemba zonse mwadongosolo, kuyambira poviika mpunga mpaka pophula. Dzulo ndangoona aponya chithunzi pagulu lathu la WhatsApp, mbale yodzaza ndi chinthu chachikasu chomatamata, pansi pake alemba kuti zakudya za amwenyezi n'zongotchuka dzina, ndi phala chabe, bola mpunga wathu wa nyemba. Anthu n'kumavomereza, wina mpaka kunena kuti naye anayesapo ndipo anataya ndalama pachabe.

Ndinawaimbira foni kuwafunsa kuti mayi, mwaphika bwanji? Mpunga sanaviike, akuti analibe nthawi. Nyama sanaigoneke m'chambiko, akuti chambikocho anamwa ana. Anyezi sanamukazinge payekha mpaka kufiira, anangomufwafwaza ndi tomato ngati mmene amachitira ndiwo za masana. Zonunkhiritsa monga cardamom, sinamoni ndi cloves sanagule, anangothira masupuni a kale (curry powder). Kenako zonse m'poto mmodzi, madzi tho, n'kumatakasa ndi mthiko mpaka mpunga wonse kuphwanyika.

Mayi, chimene munaphikacho si biriyani. Munaphika zanu, n'kuzipatsa dzina la eni ake, kenako mwayamba kutukwana eni dzinawo. Ichi n'chimene chandipsetsa mtima. Kulephera kuphika si mlandu, aliyense poto anamupsererapo. Koma kuchotsa theka la zinthu, kudumpha zonse zofuna kudikira, n'kukaima pagulu kumati chakudya cha mtundu wakutiwakuti n'choipa, kumeneko ndi kunama. Simunachilawe chakudyacho. Simukuchidziwa. Mukuweruza chinthu chimene sichinafikepo pakamwa panu.

Ku Hyderabad, kumene biriyani wake amatchuka dziko lonse la India, nyama imagona mu yogati ndi adyo, jinja ndi zonunkhiritsa kwa maola angapo, ena usiku wonse. Anyezi amadulidwa mopyapyala n'kukazingidwa m'mafuta ambiri mpaka asanduke wofiirira ndi wouma, chifukwa amawonjezera kutsekemera ndi fungo m'mbale yonse. Mpunga wa basmati amauviika kaye pafupifupi mphindi 30, n'kuuwiritsa m'madzi amchere osaulola kupsa, amautsanula ukadali wolimba pakati. Ndiye amayala nyama pansi, mpunga pamwamba, anyezi ndi timbewu tonunkhira pakati, n'kumata chivindikiro ndi mtanda wa fulawa kuti nthunzi isatuluke. Moto wake ndi wochepa zedi. Palibe kutsegula, palibe kutakasa. Ukafika potsegula, mpunga uli mbewu imodziimodzi, wina woyera wina wachikasu, fungo lake mpaka kwa aneba. Ndipo ife a mbaula tilibe chowiringula, poti kuika makala pamwamba pa chivindikiro pophika mpunga tinakuphunzira kalekale kwa amayi athu. Chambiko chimagwira bwinobwino ntchito ya yogati. Kilombero wathu wa ku Karonga naye amatheka ngati mwachepetsa nthawi yowiritsa, ngakhale sayoyoka ngati basmati. Kusintha kotereku ndi kwa munthu amene wamvetsa ntchito ya chinthu chilichonse m'potomo. Kwanuko kunali kungotaya zimene zakutopetsani.

Zinthu zadula, ndikudziwa, ndipo maphikidwe ambiri a pa intaneti amawaonetsa m'mphindi imodzi ngati kuti zimatheka choncho. Koma kuviika mpunga kumafuna ndalama zingati? Kudikira anyezi kuti afiire mumalipira kwa ndani? Walira mvula walira matope. Mukafuna chakudya cha eni ake, landiraninso ntchito yake.

Ndipo si biriyani yekha ayi. Khalidwe limeneli ndaliona kambirimbiri. Munthu aphika mpunga pompano, ukadali wotentha ndi wonyowa, n'kuukhuthulira m'chiwaya, kuthira soy sauce theka la botolo, kenako akuti mpunga wokazinga wa Atchaina ndi nsima yakuda yamchere. Chonsecho ku China mpunga wokazinga amaupanga ndi wotsala wadzulo, wozizira ndi wouma, pa moto waukali, pang'onopang'ono osati poto yense nthawi imodzi. Wina akanda fulawa ndi yisiti, osaudikira n'komwe kuti ufufume, aupapatiza wokhuthala ngati chala, apakapo tomato sosi wa m'botolo ndi poloni, n'kumati pizza ndi buledi wouma wodula pachabe. Ku Napoli, mzinda wa ku Italy, mtanda wa pizza ndi fulawa, madzi, mchere ndi yisiti pang'ono basi, koma umakhala maola ambiri ukufufuma, ndipo umapsa m'uvuni wa nkhuni wotentha kupitirira madigiri 400 kwa mphindi imodzi ndi theka zokha. Luso limeneli bungwe la UNESCO linalilemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu mu 2017. Baguette, buledi wautali wa ku France, nayenso analowa m'kaundula yemweyo mu 2022, ndipo dzikolo lili ndi lamulo la mu 1993 lonena zimene zingalowe mu buledi wotchedwa wachikhalidwe. Anthu amalemekeza chakudya chawo mpaka kuchiikira lamulo, inu n'kuchitsutsa ndi mtanda umene simunaupatse ngakhale ola limodzi! Uvuni wa kunyumba sufika kutentha koteroko, zoona, koma kuutenthetsa mpaka pamapeto pake ndi kudikira mtanda kuli m'manja mwanu.

Za makeke ndiye musandiyambe. Palembedwa baking powder, munthu athira soda wa therere mulingo womwewo, keke ituluka yowawa, yonunkha sopo, ndiye akuti makeke achizungu ndi oipa. Soda amafuna chowawasa monga chambiko kapena mandimu kuti agwire ntchito, ndipo ndi wamphamvu kwambiri kuposa baking powder. Palembedwa magalamu 250 a fulawa, munthu atunga ndi kapu ya tiyi yomwe ili pafupi, lero yaikulu mawa yaing'ono. Palembedwa kuti musatsegule uvuni, iye mphindi zisanu zilizonse akusuzumira, keke n'kuphwa pakati. Wolakwa ndani pamenepa? Keke? Mzungu amene analemba kaphikidweko? Ayi, ndinu. Munasintha ndinu, munafulumira ndinu, ndiye dandaulo lipite kwa inu nomwe.

Tangoganizani mlendo wochokera ku Italy atamva za nsima, n'kutenga fulawa wa tirigu poti ufa woyera alibe, kuthira m'madzi ozizira, kutenthetsa pang'ono osavundula, n'kulemba pa Facebook kuti chakudya cha Amalawi ndi chomata mapepala. Mungamusiye? Tonse tingamuwukire tsiku lomwelo, ndipo tingakhale tikulondola, chifukwa nsima sanaiphike ndipo sanailawe. Nanga bwanji ife tikuchita zomwezo ndi chakudya chimene agogo a anthu ena akhala akuphika mibadwomibadwo? Mbale iliyonse ili ndi eni ake amene amainyadira. Ngati simukuikonda mutaiphika moyenera, nenani, ndi ufulu wanu, pakamwa sipafanana. Ine ndemwe tchizi chonunkha cha buluu chija sindichifuna, koma ndinachilawa chenicheni ndisanatero. Chimene ndikukana ndi kunyoza chimene simunaphike. Lembani kuti ndayesa mpunga wanga wothira kale ndipo sunakome. Dzina la biriyani lisiyeni.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anthu safuna kudekha, akufuna chithunzi choti aponye madzulo omwewo.

Ndipo poti ndayamba kale, nanunso amene mumagulitsa makeke ndi kuphunzitsa anzanu kuphika, lekani kubisa. Munthu wakulipirani ndalama ya phunziro, inu mukumuuza kuti thirani fulawa wokwanira, shuga pang'ono, phikani mpaka ipse. Wokwanira ndi wochuluka bwanji? Moto wake wotani? Mphindi zingati? Mukudziwa bwino kuti kwanu mumayeza pa sikelo, ndipo pali chinthu chimodzi chimene mwachisiya dala kuti keke ya wophunzirayo isafanane ndi yanu. Mtsikana wagula mazira, batala ndi fulawa ndi ndalama yoti akanagulira ndiwo za sabata yonse, zonse zikathera kudzala, iye n'kumadziona ngati wopanda nzeru. Kumeneko ndi kuba. Ngati simukufuna kuphunzitsa, musatenge ndalama za anthu.