Utsi wa zitsamba nawonso ndi utsi

Dzulo pamsika wa Kapata ku Chipata kuno mnyamata wina anandionetsa kapaketi ka ndudu, akuti mulibe fodya, ndi zitsamba zokhazokha, "za makolo". Ati zimathandiza kusiya kusuta, zimatsukanso m'chifuwa. Pa kutsukapo ndiye tinasiyana maganizo.

Tsamba lililonse ukaliyatsa n'kukokera utsi wake m'mapapo, umakoka phula lakuda lija pamodzi ndi mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, kaya ndi fodya kaya ndi mpungabwi. Pitani kumudzi mukaone denga la khitchini. Nkhuni zilibe nikotini, mankhwala a mu fodya opatsa chibaba aja, koma mwaye uli bii.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mawu akuti "za makolo", chifukwa fodya wa makolo ine ndinamuona ndi maso anga. Ambuya anga ku Chadiza ankabzala mitengo yochepa chabe kuseri kwa khola, pomwe pali ndowe. Masamba ankayanika mumthunzi, kenako n'kupera pamwala, kusakaniza ndi phulusa, n'kusunga m'kansupa kamene sikankachoka m'chiuno. Mlendo wachikulire akafika, ankamutsinira pang'ono padzanja asanafunse n'komwe za kumene achokera. Pamaliro kansupa kaja kankayenda dzanja ndi dzanja usiku wonse. Mwana ukangokakhudza, khutu linali lako.

Ulemu unalipo, sindikana. Koma ambuya omwewo tsiku limene fodya watha sankalankhulika, nsima ankangoiyang'ana. Phulusa lija si la kukoma ayi, limachititsa kuti nikotini alowe msanga m'magazi. Ndi mmenenso ulili nsunko umene atsikana akuika kunsi kwa mlomo masiku ano, ena akuti umatenthetsa thupi. Fodya wosasuta ameneyu amawononga nkhama, amayambitsanso khansa ya m'kamwa.

Ndipotu fodyayo si mbadwa ya kuno. Kwawo ndi ku America, anabwera ndi amalonda a zombo monga Apwitikizi, ngati mmene chinabwerera chimanga. Makolo anangomulandira n'kumupatsa malamulo: ndani afwenkhe, liti, wochuluka bwanji. Malamulowo ndi amene tataya, dzina la makolo latsala pa chipepala cha malonda.

Alimi a fodya wa bale ku Chipata kuno ndi ku Lundazi sindikuwanyoza, ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama za mabelo. Koma atate amene ankalima fodyayo sanandiuzepo kuti ndi mankhwala. Chiyambire 2008 kusuta pagulu n'koletsedwa muno mu Zambia, ndiye wina asadzatiyatsire zitsamba zake mu minibasi n'kumati izi si fodya.

Mnyamata uja ndinamufunsa kuti m'ndudumo muli masamba anji. Anatembenuza paketi, kuwerenga, kutembenuzanso, n'kuseka. "Amalume, ine ndimangooda."