Mr Bean tonse timamudziwa, koma Mel Smith timamuiwala

Anzanga, aliyense amene anakulira pafupi ndi TV kapena video show amamudziwa Mr Bean, ndipo ambiri amadziwanso kuti dzina lake lenileni ndi Rowan Atkinson. Koma mukafunsa amene anatsogolera filimu ya Bean ya mu 1997, anthu amangoyang'anana. Anali Mel Smith, ndipo ine zimandipweteka kuti akamatchula akatswiri otsogolera mafilimu a nthabwala, dzina lake limasiyidwa kunja.

Smith anabadwira ku Chiswick, mumzinda wa London, mu 1952. Ku yunivesite ya Oxford anapita kukaphunzira za maganizo a munthu, koma mtima wake unali pa zisudzo. Atachoka kumeneko anagwira ntchito yotsogolera masewero m'nyumba za zisudzo monga Royal Court ku London ndi Crucible ku Sheffield. Choncho asanatchuke ngati woseketsa anthu, anali atazolowera kale kukhala pampando wa owonerera n'kumauza azisudzo poyima ndi nthawi yoyankhula.

Nkhope yake inadziwika mu 1979, pa pulogalamu ya BBC ya Not the Nine O'Clock News, momwe ankasewera ndi Atkinson, Pamela Stephenson ndi Griff Rhys Jones mpaka 1982. Kenako iye ndi Jones anayamba pulogalamu yawoyawo, Alas Smith and Jones, mu 1984. M'menemo munali kachigawo kamene ndimakakonda kwambiri. Amuna awiri akhala pa tebulo moyang'anizana, mphuno zatsala pang'ono kugundana, kumbuyo kulibe chokongoletsa chilichonse. Smith ndi mbuli yodziyesa yodziwa zonse, Jones ndi mbuli yongovomera ndi kufunsa. Palibe wothamanga, palibe wogwa. Chimene chimakuseketsa ndi kakhalidwe ka chete pakati pa mawu, ndi nkhope ya amene akumvetserayo. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka zoposa khumi amadziwa kuti nthabwala zambiri zimapsera pa nkhope ya womvera.

Nzeru imeneyi ndi imene anapita nayo ku filimu ya Bean, ndipo ntchito imene anapatsidwa sinali yamasewera. Mr Bean wa pa TV, amene anayamba kuonekera pa 1 January 1990, anali ndi magawo 15 okha, lililonse losafika theka la ola, ndipo mkati mwake muli timasewero tifupitifupi. Munthu wake sayankhula kwenikweni, alibe chisoni ndi anzake, sasintha. Kwa mphindi khumi ndi wokoma. Nanga kwa ola ndi theka? Richard Curtis ndi Robin Driscoll analemba nkhani yoti Bean, mlonda wogona pa ntchito m'nyumba yosungira zithunzi ku London, atumizidwe ku Los Angeles ngati katswiri wa zojambula, mabwana ake akungofuna kuti awachoke pamaso. Kumeneko amulandira David Langley, amene anaseweredwa ndi Peter MacNicol, bambo wofatsa wa banja lake amene wakhulupirira kuti kunyumba kwake kwafika dokotala wamaphunziro.

Apa m'pamene dzanja la Smith likuonekera. Taonani chigawo cha chithunzi chotchuka cha mayi wokalamba chotchedwa Whistler's Mother, chimene m'nkhaniyi chagulidwa ndi madola 50 miliyoni. Bean amusiya yekha ndi chithunzicho. Ayetsemula, malovu agwera pa nkhope ya mayi wokalambayo. Atulutsa kampango kuti apukute, osadziwa kuti cholembera chataya inki m'thumba. Nkhope yada. Athamangira nacho m'kachipinda ka okonza, apeza mankhwala osungunula penti, apaka, inki ichoka, iye n'kupumira m'mwamba. Kenako penti iyamba kututuma ngati phala likuwira, ndipo akapukutanso, nkhope yonse yapita. Chilichonse chikubwera pa nthawi yake, ndipo Smith sathamangira. Amakulola kuti uone vutolo Bean asanalione, mpaka umafuna kumukuwira kuti asiye. Ndiye chimake chenicheni sichili pa Bean ayi. Chili pa Langley, pamene amuvundukulira chithunzicho n'kuona kankhope kachibwana kojambulidwa ndi cholembera. Kukuwa kwa bambo ameneyu, amene mkazi wake watenga kale ana n'kuchoka pakhomo chifukwa cha mlendo yemweyu, ndi kumene kumachititsa kuti useke uku ukumumvera chisoni. Pa TV, anthu amene Bean wawavutitsa amangodutsa n'kuzimiririka. Smith anatenga mmodzi wa iwo n'kutikhazika naye mpaka pamapeto.

Ndikudziwa zimene olemba ndemanga ambiri ananena: kuti Bean anayankhula mopitirira muyezo, kuti anamukometsera kuti akondedwe ku America, kuti anabwereza nthabwala za pa TV monga ya kathumba kosanzira mu ndege. Za kubwerezazo ndikuvomereza. Koma zoti anamufewetsa sindiziona ngati cholakwa. Filimu yaitali imafuna kuti munthu wake azindikire, ngakhale kamodzi kokha, kuti wawononga moyo wa mnzake. Usiku umene Bean amabwerera yekha kukakonza vuto la chithunzicho, ndi mazira ndi zopaka m'zikhadabo, ndi umene umapatsa nkhaniyo msana. Anthu anavota ndi matumba awo: filimu yopangidwa ndi madola pafupifupi 18 miliyoni inabweretsa pafupifupi 250 miliyoni padziko lonse.

Achinyamata athu amene mukujambula timasewero toika pa TikTok ndi Facebook, chigawo chimenechi muchionere kangapo. Nthawi zambiri foni imangolunjika pa wochita zopusayo, pamene woyima pambali pake, amene nkhope yake ikanatigwetsa ndi phwete, wadulidwa theka.

Sikuti zonse zimene Smith anagwira zinayenda bwino. Filimu yake yoyamba, The Tall Guy ya mu 1989, ya Jeff Goldblum ndi Emma Thompson, inalandiridwa bwino. Radioland Murders ya mu 1994, ngakhale kumbuyo kwake kunali George Lucas, mwini mafilimu a Star Wars, inagwa chagada, ndipo High Heels and Low Lifes ya mu 2001 ndi Blackball ya mu 2003 ndi ochepa amazikumbukira. Mwina n'chifukwa chake anthu amamuwerengera kwa oseketsa basi. Pa malonda anali wochenjera: kampani ya Talkback, imene anayambitsa ndi Jones mu 1981, anaigulitsa mu 2000 pa mapaundi 62 miliyoni. Anamwalira ndi matenda a mtima mu July 2013, ali ndi zaka 60.

Mu 2007 kunatuluka Mr Bean's Holiday, yotsogoleredwa ndi Steve Bendelack, momwe Bean anabwerera ku kusayankhula kwake akuyendayenda ku France. Ambiri amati imeneyo ndiye Bean weniweni, ndipo ndi yokongoladi m'maso. Ine ndimasankhabe ya Smith, chifukwa muli David Langley.