Mbuzi ya ku Tete, chikanda cha ku Chipata ndi mfutso wa agogo

Amene anadutsapo pa Lizulu akudziwa kuti pamenepaja msewu wa M1 ndiwo malire. Ukaima mbali ino uli ku Malawi, ukangowoloka phula kukagula kabichi uli kale ku Mozambique, m'chigawo cha Tete. Ine ndinakulira cha konko, ndipo ndinafika pa utsikana osadziwa kuti mbatatesi zimene amayi ankakazinga zinali zochokera dziko lina. Kenako geni inandiyendetsa: ku Chipata kudzera pa Mwami, ku Tete kudzera pa Zóbuè, ku Harare kudzera pa Nyamapanda, mpaka ku Johannesburg pa basi yotupitsa miyendo ija. Konseko ndakhala ndikudya m'makomo mwa anthu, ndipo chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti masamba ndi zipatso n'zomwezomwezo, koma ife mlendo akabwera timazibisa kukhitchini, pamene anzathu amaziika patebulo monyadira.

Mvula ikangogwa, munda umayamba kudyetsa mwini wake chimanga chisanafike m'mawondo. Bonongwe amamera yekha pakhola, chisoso m'mizere, luni kuseri kwa nyumba, kenako nkhwani, khwanya ndi chitambe. Kuphika kwathu n'kodziwika: kusadzula nkhwani, kuuwaza, madzi pang'ono, mchere, tomato, ndiye nsinjiro pamwamba, n'kuvundikira osatakasa mpaka nsinjiroyo itapsa ndi nthunzi. Agogo ankati wotakasa msanga amadyetsa anthu mtedza wauwisi, ndipo mimba ndiyo imakaulula usiku.

Ku Zambia ndiwo zomwezi amazitcha ifisashi, mawu a Chibemba amene afalikira dziko lonse. Alamu anga a ku Chipata sawaza nsinjiro ngati ife. Amaisungunula kaye m'madzi, n'kuiwiritsa mpaka ichite phala, masamba n'kubwera pambuyo. Zimatuluka zonona kwambiri, msuzi wake wogwira nsima. Ku Zimbabwe amadumpha zonsezo n'kuthira chiponde, chimene iwo amati dovi, ndipo kukoma kwake n'kwa mtedza wokazinga, kolemera, koti mbamu zitatu wakhuta. Ndikati ndisankhe, ya ku Zambia ndiyo imandigwira mtima, ngakhale agogo akanamva akanandilanda chipande.

Pa chigwada ndiye a ku Mozambique anatisiya kutali. Ife timasinja masamba a chinangwa, n'kuwiritsa, n'kutendera, basi. Iwo matapa awo amasinjira limodzi ndi adyo, amawiritsa nthawi yaitali, kenako amathira mtedza ndi mkaka wa kokonati, ndipo a m'mbali mwa nyanja amaponyamo nkhanu. Amadyera mpunga kapena nsima, imene amati xima. Chimene chinandidabwitsa si kukoma kokha. Ndinapeza matapa atalembedwa pa mndandanda wa zakudya m'malo odyera a anthu ovala mataye, pa mtengo wosachita manyazi. Kwathu kuno ukaphikira apongozi chigwada pa tsiku lawo loyamba, nkhani imakafika kwa ankhoswe.

Anthu a ku Zambia nawo alibe manyazi amenewa. Ali ndi mwambo wa matebeto, pamene akuchikazi amaphikira mkamwini zakudya zamitundumitundu, ndipo dzinali linasamukira m'malo odyera a ku Lusaka. Ukalowamo umapeza miphika yandandalika: kalembula, amene ndi kholowa wathu yemweyu, katapa, amene ndi chigwada, therere, impwa, bowa, mphalabungu, nsomba zouma. Munthu wotsika m'galimoto yapamwamba amaloza ndi chala kuti ndipatseniko aka ndi aka. Pakati pa zonsezo pamakhala chikanda. Amachipanga ndi timizu ta maluwa ena a m'madambo, touma n'kusinja, kusakaniza ndi nsinjiro, soda ndi tsabola, n'kuphika mpaka chilimbe ngati chigumu, n'kumadula mapisi. Kumpoto kwa Malawi amachidziwa, amati chinaka, koma ku Lilongwe n'chosowa. Kutchuka kwakeko kwabweretsa vuto, chifukwa wokumba amazula chomera chonse, ndipo timizuti tachepa ku Zambia moti tambiri tikuchokera ku Tanzania, tina kumapiri a kumpoto kwathu.

Tsiku lina ndinafunsa alamu aja chifukwa chake anandiphikira kalembula ine mlendo, nkhuku zili yakaliyakali pabwalo. Anaseka. "Alamu, nkhuku mudya mawa. Lero ndafuna mudziwe dzanja langa. Nkhuku aliyense amaphika."

Pa bowa ndiye tisayerekeze n'komwe. Ife tili ndi utale, manyame, chipindi ndi ena, ndipo mu Januwale ana amaima nawo m'mbali mwa msewu atawadzaza m'mbale. Koma ku Zambia kuli chikolowa, bowa womera pachulu amene chipewa chake chimatha kuyandikira mita imodzi. Akatswiri a sayansi anamulemba m'mabuku awo mu 1980, anthu akumeneko atamudya kale mibadwo yosawerengeka. Mmodzi yekha amakwanira banja lonse, wina n'kutsala woyanika.

Kuyanika n'kumene ife sitigonja. M'mwezi wa Malichi ndi Epulo, masamba akachuluka, agogo ankafutsa chitambe ndi nkhwani: kuwiritsa pang'ono ndi kamchere, kukhetsa madzi, kuyanika pamphasa masiku awiri kapena atatu mpaka ziume gwaa. Kenako ankatituma kukathyola masamba aakulu a msuku, n'kukulunga mfutsowo, n'kumanga ndi luzi kukhala chikwatu chozungulira ngati mpira. Zikwatu zinkapachikidwa kudenga la khitchini kumene utsi unkathamangitsa tizilombo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madimba ataphwa, agogo ankaboola chikwatu chimodzi n'kutapamo dzanja limodzi, dzenjelo n'kutsekanso ndi chitsononkho. A ku Zimbabwe ali ndi mufushwa wawo, ndipo pa msika wa Mbare amaugulitsa m'zitini ndi m'mapepala apulasitiki chaka chonse. Ndinagulako. Ndi wabwino, koma ulibe kafungo ka utsi ndi tsamba la msuku kaja. Chomvetsa chisoni n'chakuti iwo akugulitsa wawo, pamene kwathu ana a masiku ano ambiri sanaonepo chikwatu ndi maso.

Msuku womwewo ndi umene umatipatsa masuku kuyambira cha mu Okutobala mpaka Disembala, nthawi imene nkhokwe zayamba kulira. Tinkalawirira m'mamawa kukatola ogwa okha, aawisi n'kuwavundika m'dzenje lofunditsa masamba. Ku Zimbabwe amati mazhanje, ku Zambia ndi masuku omwewo. Matowo athu a ku Zimbabwe amati matohwe, malambe amati mauyu, maula amati hacha. Mayina ena akungosinthana zilembo, umboni woti agogo athu ankatola pansi pa mitengo yofanana malire asanalembedwe. Kusiyana kuli pa zimene timachita nazo. Ife masuku timadya mpaka kutsekula m'mimba, otsala n'kuwolera pansi. Malambe okha ndiwo tawapezera ntchito, mafirizi a ana asukulu ndi majuwisi a m'mabotolo.

Masau ndi nkhani ina. Amakonda kotentha: ku Chikwawa ndi Nsanje, ku Tete kumene amati maçanica, ndi ku Muzarabani m'chigwa cha Zambezi mbali ya Zimbabwe. Amapsa nyengo yozizira mpaka chilimwe, ndipo amauma bwino osawola. Ukamadikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel mu mzinda wa Tete, amayi amabwera nawo pawindo m'mabeseni, ofiirira, okwinyika, fungo lake lodzaza basi yonse. Mbali zonse zitatu amatchezera kachasu, zimenezo n'zosabisa. Koma ku Tete masau ali ndi ntchito inanso: mbuzi zimadya zipatso zimenezi ndi malambe, ndipo eni ake amati n'chifukwa chake nyama yake imakoma mosiyana. Anaikhulupirira nkhaniyi mpaka dzina lakuti Cabrito de Tete linalembetsedwa mwalamulo, kuti mbuzi ya kwina isagulitsidwe ndi dzina limeneli. Mbuzi za ku Nsanje zimadya masau omwewo. Ife timangoti mbuzi.

Apa ndiye ndafika pa nyama, pamene ndikudziwa kuti achimwene ambiri andikwiyira. Kanyenya wathu nthawi zambiri si nyama yootcha. Ndi nyama yosambira m'mafuta a pachiwaya, mafuta omwewo amene akazinga tchipisi kuyambira m'mawa, ndipo chomuwombola ndi mchere wosakaniza ndi tsabola wa kambuzi uli pambalipo. Ndimadya, sindikana, makamaka wa mbuzi wokulungidwa ndi matumbo. Koma nditalawa nkhuku ya ku Zambézia ndinazindikira kuti moto timangousewera. Mayi amene anandiphikira anali wochokera ku Quelimane. Anaing'amba nkhuku pamsana n'kuiyala, anaipaka adyo, mandimu, mchere ndi piripiri, n'kuinyika mu mkaka wa kokonati kuyambira m'mawa. Makala anawasiya mpaka atachita phulusa pamwamba, opanda lawi. Ndiye anakhala pambali ndi kambale ka mkaka wotsala uja, n'kumapaka ndi nthenga, kutembenuza, kupakanso, pafupifupi ola lathunthu. Ine njala itandipweteka ndinati, "Amayi, imeneyi yapsa kale." Sanandiyang'ane n'komwe. "Mwana wanga, yapsa kunja. Dikira."

Ku Zambia ali ndi michopo, nyama ya mbuzi kapena ng'ombe yowamba pawaya ndi anyezi, yofanana ndi yathu koma mafuta ochepa. Ku Harare amati gochi-gochi, ndipo malo otchuka ndi KwaMereki ku Warren Park: umagula nyama yako pabutchala, n'kupatsa amayi a pamenepo kuti akuwotchere, iwo n'kubweretsa ndi sadza ndi masamba. Ku South Africa ndi chimodzimodzi, amati shisa nyama, kungoti iwo anafika poika lamulo lakuti soseji yotchedwa boerewors ikhale ndi nyama yosachepera magawo 90 pa 100 alionse. Pa 24 Sepitembala, tsiku lawo lokumbukira chikhalidwe, dziko lonse limanunkhira utsi. Koma kumeneko nyama ndiyo mfumu, masamba ndi okongoletsera mbale, ndipo Amalawi amene ali ku Johannesburg amachita kuitanitsa nsinjiro, mfutso ndi usipa kwa madalaivala a mabasi. Sindinamvepo wina akuitanitsa kanyenya.

Pali nyama imodzi imene timagawana ndi a kum'mawa kwa Zambia popanda wophunzitsa mnzake: mbewa. Tikakolola, tchire likapsa, anyamata amakumba mauna, kuwiritsa mbewazo ndi mchere, kuziwamba pamoto mpaka ziume, n'kuzipana pa timitengo. Pakati pa Dedza ndi Lilongwe amaimika nazo galimoto, ndipo ukawoloka pa Mwami kupita ku Katete umapeza timitengo tomweto. Kapuku wonona wa mu Julaye ndi nsima ya mgaiwa, ameneyo ngakhale mayi wa ku Quelimane uja sangamuwonjezere kanthu.

Chaka chatha alamu a ku Chipata aja anabwera kudzationa mu Novembala. Mwamuna wanga anali atagwira kale tambala, mpeni uli m'manja. Ndinamuuza kuti amusiye kaye. Ndinatsitsa chikwatu chimene azakhali ananditumizira kuchokera kumudzi, ndinanyika mfutso wa chitambe, ndinatendera monga ankachitira agogo, osatakasa. Pambali ndinaika beseni la masuku a ku Lizulu. Apongozi anga anayang'ana mbalezo, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa chapansipansi ngati m'nyumba muno mwagwa vuto la ndalama. Alamu anapempha mtanda wachiwiri, ndipo pobwerera ananyamula theka la chikwatu chija m'chikwama, atalikulunga ndi chitenje kuti lisaphwanyike pa basi. Tambala uja tinadya mawa lake.