Uchigawenga umaoneka ndi cholinga

Alembi mukuti aliyense wopha anthu ambiri ndi chigawenga basi, ine apo nde ndakana. Stephen Paddock anawombera anthu pa shoo ya zoimba ku Las Vegas mu 2017, anafa oposa 50, koma FBI, nthambi yofufuza milandu ku America, sinapeze chomwe ankafuna nde sanamutche chigawenga. Breivik ku Norway mu 2011 anapha 77 atalemberatu chikalata chodana ndi Asilamu, ankafuna dziko lonse ligwidwe mantha lisinthe mfundo zake, umenewo nde uchigawenga weniweni. Koma chimandipweteka nchoti maboma dzinali amangomata pa amene akudana naye, Mandela amene uja mpaka 2008 anali akadali pa mndandanda wa zigawenga ku America atakhala kale pulezidenti, zoona abale?